Malata a apongozi anakwera kandege

Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo ndayamba ndi zimenezi dala kuti wina asandimvere chisoni. Munthu wosapita kusukulu akadyedwa pa juga timati ndi umbuli. Ine chaka ndi chaka ndimaima pamaso pa ana a folomu 4, choko kumanja, n'kumawauza kuti khobidi ukaliponya m'mwamba silikumbukira mbali imene linagwera poyamba. Amalemba m'makope, ena amakhoza nazo mayeso. Koma mwini mawune, m'chaka cha 2023, ndinatenga madola 800 a mlamu wanga, ogulira denga la nyumba ya apongozi, n'kuwapereka pang'onopang'ono kwa anthu amene sindinawaonepo nkhope, okhala ndi chiphaso cha pachilumba chimene ndinachita kufunafuna pa mapu.

Kwathu ndi ku Dedza. Kuno ku Chitipa ananditumiza ndili mnyamata, msewu wochokera ku Karonga usanathiridwe phula, pamene munthu unkatsika galimoto fumbi lili mpaka m'mano. Ndinkati sindikhalitsa. Ndinakwatira konkuno, kwa Alambya, ndipo mpaka lero Chilambya ndimamva theka, makamaka theka limene sakunena za ine.

Amene sanakhaleko kuno sangamvetse msanga zimene mlamu wanga anachita. Chitipa yapanikizika pakati pa Tanzania ndi Zambia. Mayi wogulitsa nyemba pamsika wa paboma amawerengera pamutu ndalama zitatu: kwacha yathu, kwacha ya Zambia ndi shilingi. Katundu wambiri wa m'magolosale ndi wa zomangira amalowera ku Isongole, kutsidya kwa Songwe, kapena kuchokera ku Tunduma ndi ku Nakonde, ndipo kumeneko safunsa kuti malipiro a aphunzitsi akwera liti. Kwacha ikatsika ku Lilongwe, mitengo ya kuno imadzuka tsiku lomwelo. Mu Meyi 2022, banki yaikulu ya Reserve itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mlamuyo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anaona ndalama zimene anatumizira amayi ake zikugula matumba a simenti ochepa kuposa amene anawerengera. Analumbira kuti thukuta lake sadzalisunganso mu kwacha.

Choncho makoma atatha, kutangotsala denga, anandiimbira foni. "Alamu, ophunzira pabanja pano ndinu. Ndizikutumizirani USDT pang'onopang'ono, muzisunga pafoni panu. Zikakwana, mu Seputembala mvula isanaganize zobwera, mugulitse, mukagule malata, matabwa ndi misomali." Ndinayankha kuti palibe vuto, chikhalirecho chinthucho ndinali ndisanachimvepo.

Anandimasulira ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsapo. Masamu analephera, koma lero ali ndi kabenchi kake paboma kotumizira ndi kutapira ndalama za pafoni, ndipo amavala nsapato zabwino kuposa zanga. Anati ndalama za pa intaneti zimenezi, zimene amati crypto, zili pawiri. Zina, monga Bitcoin imene inayamba mu 2009, zilibe wozitsimikizira mtengo. Mtengo wake ndi umene ogula ndi ogulitsa agwirizana pa ola limenelo. Zina ndi zimene amati stablecoin. USDT ndi yotere: kampani ya Tether, imene inayamba mu 2014, imalonjeza kuti pa USDT iliyonse imene yatulutsa yasunga chuma chokwana dola imodzi ya America, kuti mtengo wake uzikhala pa dola basi.

"A Ticha," anatero, "USDT ndi mbuzi yomangirira pachikhomo, imangozungulira pomwepo. Bitcoin ndi mbuzi yomasula. Lero ibwera yokhuta, mawa mukaipeza ataigwira m'munda mwa eni."

Nzeru ya mlamu wanga inalibe chilema. Ndalama zinkafika m'mphindi zochepa, zolipira potumiza zinali zochepa, ndipo pogulitsa kwa anthu a pa intaneti, amene amakulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mtengo unkatsata wa mumsewu osati wa kubanki. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kusachita kanthu. Ntchito imeneyi inandikanika.

Chinandiwononga ndi tchuthi. Mphunzitsi wopanda makope ochonga ndi munthu woopsa. Kumapeto kwa Julayi, kamphepo ka kuno kakuluma m'makutu, ndinkakhala pa benchi ya mnyamata uja kuwothera dzuwa, ndipo tsiku lina anandionetsa mzere pafoni pake. Bitcoin mu Januwale 2023 inali pa madola pafupifupi 16,500. Mu Julayi inali cha m'ma 30,000. "Alamu anu akanagula iyi mu Januwale, bwenzi pano mukukamba za matailosi." Sanandiuze kuti mu Novembala 2021 Bitcoin yomweyo inali pa 69,000, ndiye kuti kukwera kumene ndinkasirirako kunali kudzuka kwa munthu amene anagwa chagada. Inenso sindinafunse kumene mzerewo unachokera, funso limene mwana wa m'kalasi mwanga akaliiwala ndimamuchotsera malikisi.

Ndinasintha theka, madola 400. Cholinga chinali chabwino, monga mmene zimakhalira zolinga zonse za mkamwini: phindu lake ndigulire apongozi chitseko chachitsulo, anthu adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi choko chokha.

Patangopita masiku ochepa mnyamatayo anati, "Nanga pamene mukudikira kuti ikwere, bwanji izigwirako ganyu?" Ganyuyo anali kasino ya pa intaneti, ya kunja, yolandira crypto yokhayokha. Polowa sinafunse dzina, msinkhu, kaya mudzi ndi mfumu. Imelo ndi mawu achinsinsi basi. M'kati munali makadi, magudumu ozungulira ndi zithunzi za zipatso, koma ine ndinakopeka ndi kandege, kamtundu komwe kaja kamene kamaliza achinyamata a kabaza. Umaika ndalama, kandege kamanyamuka, nambala imakwera: 1.2, 1.5, 2, 3. Ukadina batani kasanathawe, ndalama yako imachulukitsidwa ndi nambala imeneyo. Kakathawa usanadine, zapita. Ndinadziuza kuti iyi si juga, ndi masamu, ndipo masamu ndiye kwathu.

Msampha woyamba unali manambala ang'onoang'ono. Pa kasinoyo ndalama zanga sizinkaoneka mu madola kapena mu kwacha. Madola 400 aja anasanduka 13, timagawo ta Bitcoin totchedwa mBTC. Ndinkabetcha 0.2. Tandiuzani, ndani angachite mantha ndi 0.2? Koma 0.2 ameneyo anali madola 6, ndipo ngakhale pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo inali ndalama yoposa K6,000. Kunyumba mayi akandipempha K6,000 ya ndiwo ndinkayamba ndatsokomola, kenako kufunsa kuti ya sabata yatha inatha bwanji. Pafoni ndinkaiponya m'masekondi ochepa, chala osanjenjemera.

Poyamba ndinadya. Sindinganame, ndinadya ndithu, ndipo kukoma kwake sindinakuiwale. Pakati pa Ogasiti 13 uja anali atafika 14 ndi theka. Ndinatenga kope latsopano, kujambula mizere, kuyamba kulemba nambala imene kandege kathawira ulendo uliwonse, ndikuti ndipeza njira yake. Usiku wa pa 17 Ogasiti ndinagona ndili wopambana, nditaganiza kuti m'mawa ndichotsa phindu langa. Kutacha ndinapeza 14 ndi theka ali pomwepo, palibe wakhudza, koma nditawerengera mu madola phindu lonse kulibe. Bitcoin, imene sabata imeneyo inkasewera cha m'ma 29,000, inali itagwa usiku womwewo kufika cha m'ma 26,000. Ndinadyedwa ndili m'tulo, foni ili pa chaja.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinkatchova juga ziwiri nthawi imodzi, ina ndi kandege, ina ndi anthu a ku New York ndi ku Seoul amene amagula ndi kugulitsa ine ndikugona. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Choipa kwambiri n'chakuti sindinkathanso kudziwa ngati ndikupindula kapena ayi. Tsiku lina kandege kankandidya koma mtengo n'kukwerako pang'ono, ndiye ndinkati sizinaipe. Tsiku lina ndinkawina, mtengo n'kutsika, ndiye ndinkati olakwa ndi azungu. Nthawi zonse panali wina womuloza chala. Pofuna kubweza zimene msika unandilanda ndinakweza mabetcha, ndipo pofika mu Seputembala, mwezi wogula malata uja, 14 ndi theka anali atatsika kufika pa 9.

Munthu wanzeru akanaleka pomwepo, n'kukauza mlamu wake kuti pachepa madola 160, amupatse miyezi ingapo. Ine ndinachita zimene ophunzira timachita: ndinawerenga. Ndinapeza nkhani zambirimbiri pa intaneti zolangiza kuti wotchova juga wochenjera sagwiritsa ntchito Bitcoin, amagwiritsa ntchito stablecoin, chifukwa dola imene wawina usiku imakhalabe dola m'mawa. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndinaikonda chifukwa inandiuza kuti vuto langa silinali juga koma mtundu wa ndalama. Sindinadzifunse kuti amalemba nkhani zimenezo ndani, ndiponso chifukwa chiyani pansi pa nkhani iliyonse pali batani lolowera m'kasino. Ndinagulitsa Bitcoin yanga cha m'ma 26,000, pafupifupi pansi penipeni pamene inafika m'miyezi imeneyo, ndinapeza USDT 240, n'kuphatikiza ndi 400 ya mlamu imene inali isanakhudzidwe.

Sukulu zitatsegulidwa ndinakhala katswiri wa mu stafu. Pa nthawi ya tiyi ndinkafotokozera anzanga kuti stablecoin nazonso si zonse zodalirika. Ndinkawauza za TerraUSD, imene inalibe madola enieni kumbuyo kwake koma inkadalira ndalama inzake yotchedwa Luna. Mu Meyi 2022 zonse ziwiri zinagwa m'sabata imodzi, chuma cha madola pafupifupi 40 biliyoni n'kusungunuka, ndipo mwini wake Do Kwon anakagwidwa ku Montenegro mu Malichi 2023. Ndinkawauza za USDC ya kampani ya Circle, imene mwezi womwewo wa Malichi inatsika kufika pa masenti 87 itagwa Silicon Valley Bank, kumene kampaniyo inasunga madola 3.3 biliyoni, ngakhale inabwerera pa dola patapita masiku ochepa. Ndinkawauzanso kuti Tether yomweyo mu 2021 inalipitsidwa chindapusa cha madola 41 miliyoni ku America chifukwa chosanena zoona zenizeni za chuma chimene inasunga. Anzanga ankagwedeza mitu. Wina anafunsa ngati ndikulemba digiri. Usiku ndinkadzuka kukaona ngati USDT ikadali pa 1.00 kapena yatsika pa 0.99, ndikapeza ili bwino n'kupuma, kenako n'kutsegula kandege. Ndinkalondera pakhomo pamene wakuba sanabwerepo, ine mwini ndikutulutsira katundu pawindo.

USDT sinandinamize ngakhale tsiku limodzi. Inakhala pa dola kuyambira tsiku limene ndinaiika mpaka tsiku limene inatha.

Pansi pa masewerawo analemba poyera kuti amabweza 97 pa 100 iliyonse. Ndinaziona, ndipo tanthauzo lake ndimalidziwa bwino kuposa munthu aliyense pa boma pano: pa K100 iliyonse imene anthu onse abetcha, K3 imatsala kwa eni ake, kaya mwabwera ndi Bitcoin, kaya USDT, kaya mazira. Mwayi woti kandege kafike pa 2 ndi wochepera theka pang'ono, 48.5 pa 100. Kachidutswa kosowako ndiye malipiro a eni kasino, ndipo sikaoneka pa ulendo umodzi. Kamaoneka ukabwereza kambirimbiri, ndipo masewerawo anawapanga othamanga kuti uzibwereza. Koma ine ndinali ndi njira. Ndibetche madola 5 ndi kudina pa 2. Ndikadyedwa ndiike 10, ndikadyedwanso 20, kenako 40, 80, 160. Ndikangowina kamodzi, zonse zabwerera ndi phindu la madola 5. Njira imeneyi ndi yakale kwambiri, ndipo yasaukitsa anthu anzeru kuposa ine. Kudyedwa kasanu n'kamodzi motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa mayesero 54, ndipo kukachitika wataya madola 315 posaka madola 5. Ndinawerengera zimenezi m'kope langa lomwe lija, molondola, n'kulemba pambali kuti sizingachitike msanga.

Kumene timakhala, chakunja kwa boma, netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi zina foni imasiya ya kwathu n'kukakola ya dziko loyandikana nalo. Ndiye usiku uliwonse ndinkatuluka, jekete pamwamba pa zogonera, kukaima pachulupo nkhope ikuwala. Mayi a kunyumba anapirira mpaka anatopa.

"Abambo, amene mumalankhula naye pachulu usiku ndi ndani?"

"Ndi za kusukulu, mayi."

"Sukulu yake yoti muzimwetulira nokha, kenako muzitukwana? Ngati mwapeza wina, nenani, ndikakonze kuchipinda."

Ndinakhumudwa kwambiri kuti akundiganizira zachibwenzi, ine munthu wokhulupirika, amene ndinkangomaliza ndalama za mchimwene wawo.

Usiku wa madola 160 unafika. Kandege kanathawa pa 1.1, pa 1.4, pa 1.0, kasanu motsatizana, ndipo ndinaika 160 mtima uli m'khosi. Kanakwera bwinobwino. Katadutsa 1.9 ndinadina, kagudumu kosonyeza kuti netiweki yachoka kanayamba kuzungulira, ndinakweza foni m'mwamba, ndinadumpha, ndinaterereka n'kugwera m'minga. Chithunzi chitabwerera kandege kanali katapita kalekale. Pali batani loti makina azidina okha pa nambala imene wasankha. Ine sindinkaligwiritsa ntchito, poti ndinkakhulupirira chala changa. Kwa masabata angapo ndinkauza mtima wanga kuti inandidya ndi netiweki. Kope langa lomwe limanena zina: usiku umenewo ukanapanda kubwera, ukanabwera wotsatira.

Kenako kasino inandikumbukira. Inanditumizira uthenga wachikondi wakuti ndikaika madola 200 indipatsa 200 ena aulere. Munthu womira sayang'ana kuti chingwe waponya ndani. Ndinaika. Mwayi unabwerako, ndalama zinafika pa 500, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaganiza zothawa nazo. Nditadina pochotsera, anandikumbutsa mawu ang'onoang'ono amene ndinavomera osawerenga: mphatsoyo iyenera kubetchedwa maulendo 40 ndisanachotse kanthu. Madola 200 kuchulukitsa ndi 40 ndi madola 8,000. Atatu pa 100 aliwonse a 8,000 ndi 240. Mwana wa folomu 1 angaone kuti mphatso ya 200 imene mtengo wake ndi 240 si mphatso. Anawonjezeranso kuti ndikamaliza zimenezo nditumize chithunzi cha pasipoti ndi bilu ya magetsi kapena ya madzi yokhala ndi dzina langa ndi la msewu umene ndimakhala. Anthu amene polandira ndalama sanafune n'dzina lomwe, pobweza anafuna kudziwa ndi agogo anga omwe. Pasipoti ndilibe, nyumba ndi ya lendi, madzi timatunga pa mjigo, ndipo msewu wathu dzina lake ndi "kuseri kwa chigayo".

Ndinasewera kuti ndikwanitse 8,000 uja. Sindinafike ndi theka lomwe. Zotsala za m'foni zinatsatira popanda mwambo, sindikumbukira n'komwe mmene zinapitira. Munatsala USDT 2 ndi timasenti.

Ndinaganiza zokadandaula, koma kwa yani? Banki ya Reserve inachenjeza kale mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino. Bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022, limayang'anira makampani amene lawapatsa ziphaso, ndipo kasino yanga sinali m'gulu limenelo. Pansi pa tsamba lake panali kachidindo kosonyeza kuti chiphaso chake n'cha ku Curaçao. Ndinakabwereka mapu kwa mnzanga wa jogalafe: kachilumba ka m'nyanja ya Caribbean, kufupi ndi Venezuela. Ndinalemba kalata yachingerezi chabwino kwambiri, ya ndime zisanu. Anayankha ndi makina, kundithokoza chifukwa chokhala kasitomala wokondedwa, n'kundipatsa mphatso ina.

Okutobala anandiseka. Bitcoin imene ndinagulitsa pa 26,000 inafika pa 34,000 mwezi usanathe, ndipo mu Disembala inadutsa 40,000. Mnyamata wa pabenchi ankandilonjera ndi mawu amodzi: "Mukanasunga, a Ticha." Mlamu akaimba ndinkanena kuti malata a geji imene akufuna asowa ku Tunduma, mmisiri wadwala, mtengo ndikuuyang'anira kaye. Mumtima ndinali ndi dongosolo: nditenge ngongole, ndiwonjezere malipiro a miyezi ingapo, ndigule USDT mwakachetechete, wina asadziwe. Pa mtengo wa kubanki wa K1,180 pa dola, ngongole yanga inali K944,000. Yowawa, koma munthu ungaione mapeto ake.

Pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Ndinamva pa wailesi ndikumeta ndevu. Madola 800 omwe aja anasanduka K1,360,000. Ngongole inakula ndi K416,000 usiku umodzi popanda katapila aliyense, ndipo umenewo ndi mtengo wa kubanki, kumene munthu ngati ine sangapezeko dola. Wa mumsewu, umene USDT imatsata, unali pamwamba. Olemba nkhani za pa intaneti aja amalembera anthu olandira malipiro mu madola, amene kwa iwo stablecoin imaimadi malo amodzi. Kwa munthu wolandira kwacha imakwera chaka ndi chaka. Ukaisunga, kukwerako n'kwako. Ukaitaya ili ya mwini, kukwerako kumakutsata. Mlamu wanga anaona patali: ndikanangokhala manja lende, denga la amayi ake silikanamva n'komwe kuti kwacha yagwa.

Ndinagwidwa mosavuta. Sindinkadziwa, ine wophunzitsa anzanga mu stafu, kuti ndalama zimenezi zimayenda m'kaundula wa poyera. Aliyense wodziwa adiresi ya chikwama chako cha pafoni akhoza kuona pa intaneti ndalama iliyonse imene yalowa kapena kutuluka, kuchuluka kwake, tsiku ndi ola. Mayina salembedwa, koma mlamu adiresi yanga ankaidziwa, poti ndi kumene ankatumizako. Mvula yoyamba itagwa, amayi ake atamuimbira kuti makoma akunyowa, anakhala pansi ku Johannesburg n'kutsegula kaundulayo. Ananditumizira zithunzi pa WhatsApp, mzere ndi mzere, kenako anaimba.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu alamu?"

"Ndadzuka. Ndimangofuna mundithandize. Sitolo ya malata imene imatsegula 2 koloko ya usiku, n'kumalandira madola 50 lero, 100 mawa, ili mbali iti ya Tunduma?"

Ndinati netiweki ikuvuta. Tsiku limenelo inkagwira bwino kwambiri.

Bwalo linakhala kumudzi Lamulungu lotsatira, pansi pa mtengo wa mango, nyumba yopanda denga ili potero ngati mboni. Anatsogolera ndi bambo aang'ono a mkazi wanga, mlamu akumvera pa foni imene anaitsamiritsa pa mpando. Analankhula Chilambya nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo ndinamva zonse. Anandiuza kuti ndifotokoze. Ndinayamba ndi kusiyana kwa Bitcoin ndi stablecoin, ndikuganiza kuti akamvetsa chiyambi achepetsa mkwiyo. Bambo aang'onowo anandidula.

"Aphunzitsi, ndalama yoyambayo mukuti imakwera ndi kutsika. Inapita kuti?"

"Ku kandege, bambo."

"Yachiwiriyo, yosagwedezekayo?"

"Ku kandege komweko."

"Ndiye kusiyana kwake mukutiuzaku kuli pati?"

Funso limenelo ndaliganizira kwambiri kuyambira tsiku limenelo, ndipo kusiyana kulipo ndithu, kungoti sikukanandithandiza pabwalo. Ndi Bitcoin unkatha kudyedwa osasewera, komanso unkapeza wonamizira. Ndi USDT chinyengo chimenecho palibe: imakuuza ndendende zimene wataya, mpaka senti. Wina akandikakamiza kusankha, ndinganene kuti pa ziwirizi stablecoin ndiyo yachilungamo. Koma atatu pa 100 aja safunsa mtundu wa ndalama, ndipo amene amalimbikitsa kwambiri za stablecoin ndi eni makasino omwewo, chifukwa munthu amene mtima wake uli m'malo pa za mtengo amakhalitsa pa masewera.

Apongozi sanalankhule mpaka kumapeto. Atatsegula pakamwa anasankha Chichewa, kuti pasakhale womasulira. "Kwanu kuja amati Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine yanga khomo lilipo, aphunzitsi. Zikomo." Anadzuka n'kukaona mphika.

Mayi a kunyumba anadikira mpaka tili m'njira. "Bola chikanakhala chibwenzi," anatero. "Bwenzi nditapita kwawo kukazula malatawo."

Chigamulo chinali chachidule. Ndibweze madola 800, osati makwacha a tsiku limene ndinawataya, koma USDT yeniyeni, pa mtengo wa tsiku limene ndikubweza. Ndinayesa kupempha kuti tiwerengere mu kwacha. Mlamu anaseka pa foni mpaka anatsokomola. Foni yanga yaikulu inagulitsidwa kukhala gawo loyamba la malipiro, ndipo ndinapatsidwa kakang'ono ka mabatani, kokhala ndi tochi. Khadi la kubanki linasamukira m'chikwama cha mayi. Iwo anatenga ngongole ku banki mkhonde kuti tigule pulasitiki ndi udzu wofunditsa makoma dzinja limenelo, komabe khoma limodzi linang'aluka. Denga linakhomedwa mu 2024 mvula itatha, ndi ndalama zina zimene mlamu anavutikiranso. Ulendo umenewu anatumiza kwa mng'ono wa mkazi wanga, amene sukulu analekezera sitandade 8. Anazisunga osazigwira, anagulitsa tsiku limene anauzidwa, anakagula malata, n'kubweza chenji.

Mu Disembala 2024 Bitcoin itadutsa madola 100,000, mnyamata uja anandiwerengera kuti 13 wanga woyamba uja akanakhala madola 1,300. Ndinamuyankha kuti amene anagula mu Novembala 2021 anataya magawo atatu mwa anayi m'chaka chimodzi, ndipo mvula siidikira kuti mtengo ubwerere. Anati ndayamba kuganiza ngati mphunzitsi. Kumayambiriro kwa 2025 dola ya mumsewu inadutsa K4,000, ya kubanki ili cha pa K1,750, ndipo mwezi umenewo ndalama imene ndinadzimana inagula USDT yochepa moti mlamu anafunsa ngati ndatumiza molakwitsa.

Ngongole ikadalipo, ngakhale yatsika. Ndiye ngati muli pa boma la Chitipa kapena chakufupi, ndipo muli ndi mwana wa folomu 3 kapena 4 amene masamu akumuzunguza, ndimaphunzitsa Loweruka m'mawa, ndipo pa mutu wa probability palibe wondiposa m'boma lino. Malipiro musandipatse m'manja. Kaperekeni kwa mayi a kunyumba, akulemberani lisiti.